Lilime la a Duu

Ku Zomba mukafunsa kuti Japhet Namaona ndani, anthu amangoyang'anana. Koma tangoyesani kutchula a Duu, muona wa kabaza akuyamba kuseka musanamalize n'komwe. A Duu anali aja a jekete lalikulu lofika m'mawondo, nkhope ili mbee ndi choko chopera chosakaniza ndi mafuta odzola, amene ankaima pambali pa Profesa Makidi pa zionetsero zawo za matsenga oseketsa. Profesayo, dzina lake lenileni Macdonald, ankalankhula ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira. A Duu sankalankhula. Ankangokweza nsidze, kapena kuliyang'anitsitsa dzira limene latuluka m'khutu mwawo ngati mlendo wofika nthawi ya chakudya, basi anthu nthiti kuwawa.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti Japhet anali wachibwibwi, ndipo sichinali chibwibwi chamasewera ayi. Mawu ankafika pakhosi n'kukakamira pomwepo, nsagwada kumanjenjemera, maso kutong'oka, womvera mpaka kuyang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Ali mwana anzake ankamuyeserera kuyambira pa geti la sukulu mpaka pakhomo pawo. Atakula anangosiya kuyesa. Ndi Macdonald amene anamutola, pa gulu lina la zisudzo za kutchalitchi kumene Japhet ankangonyamula mabenchi.

"Aise, iwe usamavutike n'kulankhula," anatero Macdonald tsiku limenelo. "Nkhope yakoyo imalankhula kale. Zapakamwa undisiyire ine."

A Duu anabadwa choncho. Ndipo Japhet anawakonda a Duu kuposa mmene ankadzikondera yekha, moti anayamba kuwatenga ngakhale kumsika. Ankaloza tomato ndi chala, kutsutsa mtengo ndi nsidze, ogulitsa kumaseka n'kumamuikira banyira. Ku Matawale kumene ankachita lendi, aneba ankati mnyamatayu ntchito yake amaitengera pamtima, safuna kuvula ua Duu ngakhale pa mjigo. Iye ankangomwetulira. Kusekedwa chifukwa chokhala chete kunkamukomera, pakuti kuseka kumeneko ankakupanga yekha ndi manja ake. Kuseka kwina kuja, kwa pa geti la sukulu, ankakuopa ngati moto.

Pa matsenga awo onse, amene ankavuta kwambiri anali a lilime. Profesa ankaima pakati pa nsanja n'kufunsa kuti, "Kodi abale, mukudziwa chifukwa chake a Duu salankhula?" Akatero ankawakanula pakamwa, n'kuyamba kukoka chililime chofiira chalabala, kukoka, kukoka, mpaka kufika pachifuwa. Kenako sizasi khapu! Tomato sosi chuchuchu. Chidutswacho ankachipinda bwinobwino n'kuchiika m'thumba la malaya, n'kusisita thumbalo.

"Lilime lawo ndimasunga ndine," ankatero. "Wantchito wopanda lilime sadandaula."

Ana a ku yunivesite ankagwa m'mipando. Mabwana a misonkhano kuhotela ya pamwamba paphiri ankapukuta misozi ndi timipango todyera. Ndiye anyamata awiriwa, ndi nzeru zawo zonse za m'tauni, sanakhalepo pansi n'kudzifunsa kuti mawu amenewo angamveke bwanji m'khutu la munthu amene waika mwana wake m'manda. Chakudza sichiimba ng'oma.

Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene kampani ina ya sopo inawatenga kuti akakope anthu ku Chinamwali. Nsanja inali kumbuyo kwa lole imene anaiimika pabwalo pafupi ndi msika, jenereta ikulira pansi pake. Macdonald anafika pa njinga yake yamoto yatsopano, yofiira, mapulasitiki asanachotse pa mpando, n'kuiimika poti aliyense aione. Anthu anadzaza mpaka pamsewu: ogulitsa kaunjika, a kabaza atatsamira njinga zawo, amayi otsika kuphiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Dzira linatuluka m'khutu, anthu anaseka. Mpango unasanduka sopo, anthu analimbirana. Kenako inafika nthawi ya lilime.

Munthu wosalankhula amamva zambiri. Sizasi itangoti khapu, Japhet anamva kuti kuseka kwa lero kwachepa mphamvu. Kutsogolo ana anaseka, koma kumbuyo kunali zii. Macdonald, amene khutu lake linkamva mawu ake okha, anasisita thumba monga mwa nthawi zonse.

"Lilime lawo ndimasunga ndine. Wantchito wopanda lilime sadandaula!"

"Nickson!"

Mfuuwo unachokera kumbuyo, ndipo unali wa maliro. Mtolo wa nkhuni unagwa pansi, anthu anapatuka, ndipo panatulukira mayi wina wachikulire, wochepa thupi, nkhata idakali pamutu. Ankathamanga manja ali m'mwamba, maso ali pa Japhet.

"Nickson mwanangu! Ndi mwana wanga uyo! Mayo ine, ndi Nickson!"

Ku Chinamwali kunalibe amene sankawadziwa mayi Mavis, amake Nickson. Mwana wawoyo ankacheka matabwa kuphiri, ndipo chaka chathachi mtengo wa paini unamugwera. Unamuphwanya moti achibale anakana kutsegula bokosi, mayi ake anaika mwana osamuona nkhope. Kuyambira pamenepo manong'onong'o sanathe. Mtengo ungasiye bwanji anthu onse n'kusankha mnyamata wamphamvu ngati uja? M'bokosi muja munalidi munthu, kapena thunthu la nthochi? Paja anthu amati wofuna kulemera mwachangu amapha munthu m'matsenga, abale n'kuika thunthu, iye n'kumutenga mwini wakeyo, kumudula lilime kuti asaulule, n'kumamugwiritsa ntchito moyo wake wonse. Munthu woteroyo amamutcha ndondocha.

Mawuwo sanachedwe. Anayambira pakamwa pa mayi wina wogulitsa zitumbuwa, ndipo asanafike kumsewu anali atasanduka umboni.

"Ndondocha!"

"Wanena yekha kuti lilime amasunga ndi iyeyo!"

"Taonani kuyera nkhopeko, ngati wa kumanda!"

Japhet anali akadali pa lole paja. Anayang'ana Macdonald, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwireni anaona Profesa akusowa poyambira.

"Abale, abale, tadekhani," anatero Macdonald pa maiki, akuyesa kuseka. "Amayi, pepani, awa ndi a Duu, mnzanga wa ku Matawale. Ndi sewero ili. Taonani, ndi labala chabe!"

Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa chidutswa chija, n'kuchikweza m'mwamba. Chinali lende, chofiira, tomato sosi akudontha m'zala. Kunena zoona, pa zolakwa zonse zimene munthu angachite masana amodzi, ichi chinali chachikulu. Amayi anakuwa n'kuphimba ana kumaso. Dalaivala wa lole, munthu wodziwa kuwerenga nyengo, anazimitsa jenereta n'kulowa m'chimanga cha kuseri kwa msika, atsikana a sopo ali pambuyo pake. Maiki inafa m'manja mwa Macdonald. Mwala woyamba unamenya chitseko cha lole.

Amene anakwera pa lole anali Prosper, wa kabaza wamapewa ngati chitseko, amene kale ankacheka matabwa limodzi ndi malemu Nickson ndipo ananyamula nawo bokosi lake. Misozi inali m'maso, ndipo n'chimene chinaopsa kwambiri, chifukwa munthu wolira sumuuza kanthu. Anamugwira Macdonald pa kolala n'kumuponya pansi ngati thumba la makala.

"Njinga iyi unagula ndi chiyani, iwe? Ndi mazira otuluka m'khutu?"

 Khamu linamutsekera pakati, ndipo chimene Japhet ankaona ndi migongo yokha ndi zigongono zikukwera n'kutsika.

Koma Japhet anthuwo sanamumenye. Anamutsitsa pa lole mosamala ngati wodwala, amayi kumufunditsa chitenje, wina kuyamba pemphero, wina kumusisita kumsana. "Pepa mwanawe, pepa. Wavutika. Lero wamasuka." Chifundo chawocho chinamumanga kuposa chingwe. Anayesa kudzipulumutsa kuti athamangire kwa mnzake, koma manja anali ambiri.

Panalibe njira ina. Anayenera kulankhula. Mawu ake anali ochepa, ndipo m'mutu anali oyera bwinobwino: ndine Japhet, ndili moyo, musiyeni. Anakoka mpweya n'kutsegula pakamwa.

"Nd... nd... nd..."

Nsagwada zinagwirana. Mitsempha ya pakhosi inatupa. Anamenya phazi pansi monga ankachitira ali mwana, koma mawu anakana.

"Nd... nd..."

"Mwamva?" anakuwa wa zitumbuwa uja. "Chitsa cha lilime chikuyesera! Ambuye chitireni chifundo!"

Japhet anatulutsa lilime lake lonse, n'kuligwira ndi zala, n'kulikoka kuti aone kuti ndi lamoyo.

"Lamatsenga ilo! Si tamuona tonse akukoka lina pomwepo?"

Ndiye anachita chimene ankachidziwa bwino kuposa munthu aliyense mu Zomba: analankhula ndi manja. Analoza kumene kunali Macdonald, n'kudziloza yekha pachifuwa, n'kulumikiza zala ziwiri kusonyeza kuti ndi amodzi. Pa nsanja chizindikiro chimenecho ngakhale mwana ankachimva.

"Akumuloza! Akuti ndi yemweyo anamumanga!"

Apa m'pamene mantha enieni anamugwira Japhet. Chilichonse chimene ankachita chinkasanduka mwala wogendera mnzake. Pakati pa miyendo ya anthu anamuona Macdonald atakhala m'fumbi, diso limodzi litatsekeka, magazi enieni akutsika pa malaya pamene panali tomato sosi. Wina anali atagubuduza tayala lakutha kuchokera kwa okonza njinga, ndipo anamuveka Macdonald m'khosi. Mnyamata wina wamkulu ndithu, wandevu zake, anagwada pa njinga yofiira ija akupopa petulo ndi kapaipi kuthira m'botolo. Zonsezi zinkachitika dzuwa likuwala, nyimbo ikulira mu shopu ya mafoni tsidya la msewu, anthu ena atakweza mafoni awo m'mwamba kuti ajambule bwino.

"Ndipatseni madzi."

Anali mayi Mavis. Chiyambireni anali atagwada pamapazi pa Japhet atagwira mwendo wa buluku lake, koma tsopano anaimirira. Sanakweze mawu, komabe anthu anamva, ndipo wina anabweretsa chigubu cha madzi otsukira tomato.

"Ndimuone kaye mwana wanga. Munandikaniza kumuona tsiku lija. Lero ndimuona."

Anamukhazika Japhet pa kreti ya zakumwa, n'kunyowetsa nsonga ya chitenje chawo. Anayambira pachipumi. Ankapukuta pang'onopang'ono, dzanja lina atamugwira pachibwano ngati mwana wopita ku sukulu. Choko chinayamba kusungunuka n'kutsikira m'khosi. Anthu amene anali pafupi anakhala chete, ndipo chetecho chinafalikira mpaka kwa omenya aja. Prosper anabwera n'kuima pambali, botolo lija lili kale lopanda kanthu, petulo yense atamuthira Macdonald, bokosi la machesi lili m'dzanja. Fungo la petulo linadzaza bwalo lonse.

Mayiwo anapukuta masaya, mphuno, kuzungulira maso. Nkhope yawo inali pafupi kwambiri moti Japhet ankamva fungo la utsi ndi utomoni wa paini. Anawayang'ana m'maso, akuwapempha ndi nkhope yake yonse, nkhope ija imene Macdonald ankati imalankhula yokha. 

"Amayi, nenani," anatero Prosper. "Choko chatha. Ndi iyeyo? Ine maso anga akundinamiza, thupi lachepa, koma akuti amasintha akakhalitsa kumeneko. Inu ndinu munabereka. Mukangoti ndi iyeyo, ife timaliza."

"Dikira."

"Amayi..."

"Ndati dikira, Prosper. Andiitane kaye." Anatembenukira kwa Japhet, manja onse awiri ali pamasaya ake. "Ndiitane, mwanangu. Usaope. Ungoti amayi. Kamodzi kokha."

Japhet anaona msampha wake bwinobwino. Akakhala chete, ndiye kuti ndi ndondocha. Akawaitana kuti amayi, ndiye kuti wavomera kuti ndi Nickson. Kulikonse machesi ayaka. Chotsala chinali kudutsa pa mawu oyambawo n'kupitirira mpaka kumapeto, pamaso pa Chinamwali yense, ndi pakamwa pake pomwepa pamene anakhala akupabisa theka la moyo wake. Anayang'ananso Macdonald. Profesa sankalira n'komwe. Ankangoyang'ana bokosi la machesi ndi diso lake lotsalalo.

"A... a... a..."

Bwalo lonse linali duu. Thukuta linasakanikirana ndi choko chotsala n'kumulowa m'maso. Anafinya zibakera, mutu ukugwedezeka wokha.

"A-a-ama... ama-ma-ma... amayi."

Wina anati mayo. Prosper anatsegula bokosi la machesi. Japhet anamugwira dzanja mwamphamvu, osachotsa maso pa mayiwo, n'kukankha mawu otsatira ngati munthu wokankha njinga ya makala pa chitunda.

"S-s-si... si-sindine. Ndi-ndi-ndine Ja... Ja-ja-japhet. Kwa-kwathu n-n-ndi ku Pha... Pha-phalombe. Ndi-ndili ndi chi... chi-chi-chi..." Mawu amenewo, dzina la nthenda yake yomwe, anamukanika mpaka misozi inatuluka. "Chi-chibwibwi. U-u-uyo ndi m-m-mnzanga. Mu-mu-musamuphe."

Zinatenga nthawi yoti munthu akanatha kusenda chinangwa n'kuchidya. Palibe anamudula mawu. Atamaliza, mayi Mavis anatseka maso, manja awo n'kutsika pang'onopang'ono kuchoka pankhope pake.

"Nickson wanga analibe chibwibwi," anatero. "Ankalankhula ngati mvula pamalata. Si iyeyu. Mumasuleni mnzakeyo."

 Kenako kumbuyo wina anaphulika nako kuseka.

"Chi-chi-chibwibwi!"

Kuseka kunagwira bwalo lonse. Anthu omwewo, manja adakali ndi fumbi la miyala, anagwirana mapewa akuyeserera. "Mu-mu-musamuphe! Eee, a Duu! Kani n'chifukwa chake!" Kunali kuseka kuja kwa pa geti la sukulu, sikunasinthe ngakhale pang'ono, ndipo kunamulasa Japhet pamalo pomwe paja. Koma chimene chinamuimitsa mutu n'chakuti anthuwa ankaseka ngati palibe chimene chachitika, ngati tayala lija linali mbali ya chionetsero. Prosper anayang'ana machesi m'dzanja lake ngati sakudziwa amene wamupatsa, n'kuwaponya pansi.

"Nanga osanena kale bwanji, achimwene?" anatero mokwiya, ngati wolakwiridwa ndi iyeyo. Anatenga njinga yake n'kumapita osatembenuka.

Khamu likafuna kutha silitsanzika. Ogulitsa anabwerera ku mabenchi awo, ojambula anatsitsa mafoni n'kuyamba kuonetsana. Aliyense amene mukanamufunsa akanakuuzani kuti iye amangoonerera. Japhet anagwada pa mnzake n'kumuvula tayala. Linali lolemera, ndipo linasiya mzere wakuda pakhosi. Macdonald anamugwira jekete ndi manja onse awiri, mano akugundana, milomo yotupa ikuyenda popanda chotuluka. Mayi wa zitumbuwa uja, wopanda manyazi, ndi amene anabwera ndi beseni la madzi n'kuliika pambali pawo, ati amutsuke petuloyo asamuwotche khungu.

Japhet akuthira madzi pamutu pa mnzake, anazindikira kuti mayi Mavis sanachoke. Anali atakhala pa kreti ija, chitenje chonyowa chili pamiyendo, akuyang'ana choko chimene chinatsalira m'mizere ya manja awo. Mtima wake unagawanika. Mayiwa ndi amene anayatsa zonsezi, komanso ndi amene anazizimitsa, ndipo tsopano mwana wawo anali atawafera kachiwiri. Anapukuta manja n'kupita kukanjuta patsogolo pawo. Zobisa zinali zitatha, ndiye analankhula.

"Pe-pe-pepani, amayi. Zi-zikomo po-pondi... pondimvetsera."

Mayiwo sanadzutse mutu.

"Sindinadziwire pa mawu ako, mwanawe," anatero motsitsa. "Ndinadziwa nditangopukuta pachipumi. Wanga anali ndi chipsera apa, anagwa pa mwala ali wamng'ono. Iwe ulibe."

Japhet anamva ngati nthaka yapendekeka. Pachipumi m'pamene anayambira. Masaya, mphuno, maso, kudikira konse kuja, machesi ali m'dzanja la Prosper, mayiwa anali akudziwa kale.

"Na-na-nanga..."

"Mwana wanga anali mmodzi yekhayo," anatero mayi Mavis. Tsopano anadzutsa mutu, ndipo m'maso mwawo munalibe misala kapena nkhanza, munali kutopa basi. "Chichokereni iye, palibe wandiitanapo choncho, kundiitana ine, atandiyang'ana. Ndimati ndimveko kamodzi. Ndikananena msanga, sukanandiitana."

Japhet anatembenuka n'kuyang'ana Macdonald, amene anali akunjenjemerabe m'matope, malaya akununkha petulo. Anayang'ananso mayiwo. Anatsegula pakamwa kuti awayankhe, ndipo ulendo uno pakhosi panali potseguka bwinobwino, koma analibe choti anene.